Mendulo idafika mwini ali m'manda: moyo wa Kader Khan ndi nkhani ya malipiro a olemba mafilimu ku India

Kumapeto kwa chaka cha 2024 boma la India lidapereka chilolezo ku bungwe la Screenwriters Rights Association of India choti lizitolera ndalama m'malo mwa anthu olemba nkhani za m'mafilimu ndi masewero a pa wailesi ya kanema, ntchito zawo zikagwiritsidwanso ntchito pa malonda. Chilolezochi chidatuluka patatha zaka 12 nyumba ya malamulo ya dzikolo itaika ufulu umenewu m'lamulo, komanso patatha zaka 6 chimwalirireni a Kader Khan, mmodzi mwa alembi omwe mawu awo adalemeretsa makampani a mafilimu a mumzinda wa Mumbai.

A Khan adalemba zoyankhula za m'mafilimu pafupifupi 250 ndipo adatenga mbali m'mafilimu oposa 300. Kawirikawiri iwo sadali mwininkhani. Pa kanema ankaoneka ngati bambo wouma mtima wa namwali, kalaliki wokonda ziphuphu, loya wachinyengo kapena mkulu wa zigawenga. Nkhope yawo inkadziwika ndi aliyense woonera mafilimu a Chihindi, koma ndi ochepa okha omwe ankadziwa kuti mawu omwe akatswiri otchuka ankayankhula, omwe anthu ankawaloweza ndi kumawabwereza m'misewu, ambiri adachokera m'cholembera cha munthu yemweyu.

Moyo wa a Khan ukuthandiza kumvetsa chifukwa chomwe olemba mafilimu ku India adalimbanirana ndi nkhani ya bungwe lotolera ndalama kwa zaka zambiri chotere. Iwo sadafe ali amphawi, ndipo pa nthawi ina adali m'gulu la alembi olipidwa bwino kwambiri. Komabe zambiri zomwe adapeza, kuyambira malipiro, mwayi wa ntchito mpaka ulemu wochokera ku boma, zinkadalira mtima wa munthu wina osati pangano lolembedwa kapena lamulo.

Kuchokera ku Kabul kukafika ku Kamathipura

A Khan adabadwa pa 22 Okutobala 1937 mumzinda wa Kabul m'dziko la Afghanistan. Bambo awo adali shehe wochokera ku Kandahar. Azichimwene awo atatu adamwalira ali ana, ndipo mayi awo poopa kuti mwana wachinayiyu atsata njira yomweyo, adaumiriza banjalo kuti lisamuke. Motero adakafika ku Bombay, monga momwe mzinda wa Mumbai unkatchulidwira kufikira chaka cha 1995.

Banjali lidakakhala ku Kamathipura, dera la anthu osauka lomwe lidatchuka ndi nyumba za amayi oyendayenda, juga ndi mowa. Umphawi udapasula banja la makolo awo, ndipo mayi awo adakwatiwanso ndi mwamuna yemwe a Khan ankamukumbukira ngati munthu wankhanza. Pocheza ndi atolankhani atakula, iwo ankafotokoza kuti tsiku lina adafuna kutsatira anzawo omwe ankakagwira ganyu m'mafakitale ang'onoang'ono, koma mayi awo adawaletsa powauza kuti tindalama ta ganyu sitingathetse umphawi wa pakhomo, ndipo kuti chomwe chingawatulutse ku Kamathipura ndi sukulu basi.

Ankafotokozanso kuti ali mnyamata ankapita kumanda ena a pafupi ndi kwawo usiku, komwe kudali zii, ndi kumakatsanzira mokweza mawu a anthu omwe adawamva masana: ogulitsa malonda, oledzera, apolisi ndi okangana. Kumandako ndi komwe mtengambali wina wachikulire, a Ashraf Khan, adawamva ndi kuwatenga kuti akasewere ngati mwana wa mfumu m'sewero lina la pabwalo.

Zinthu ziwirizi, sukulu ndi khutu lomvetsera chiyankhulo cha m'misewu, ndi zomwe zidaumba mlembi yemwe adadzatchuka pambuyo pake. A Khan adaphunzira ku Ismail Yusuf College, kenaka adachita maphunziro a zomangamanga, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 ankaphunzitsa pa sukulu ya ukachenjede ya M. H. Saboo Siddik ku Byculla mumzinda womwewo. Madzulo ankalemba ndi kuchita masewero pamodzi ndi ophunzira awo.

Mphunzitsi alowa m'mafilimu

Masewero a pa sukuluwa ndi omwe adawatsegulira khomo. Sewero lawo lina litapambana pa mpikisano, wotsogolera mafilimu a Narendra Bedi adawapempha kuti alembe nawo zoyankhula za filimu ya Jawani Diwani ya m'chaka cha 1972, ndipo adalandira ma rupee 1,500, ndalama zomwe zidaposa kutali malipiro awo a pamwezi a uphunzitsi. Katswiri wa nthawi imeneyo, a Dilip Kumar, nawo ataona sewero lina la a Khan adawapatsa mbali m'mafilimu a Sagina ya mu 1974 ndi Bairaag ya mu 1976. Koyamba kuoneka pa kanema kudali mu 1973 m'filimu ya Daag ya a Yash Chopra, momwe adasewera ngati loya woimira boma pa mlandu.

Chomwe chidasinthiratu moyo wawo ndi filimu ya Roti ya m'chaka cha 1974, yomwe mwininkhani wake adali a Rajesh Khanna ndipo wotsogolera adali a Manmohan Desai. Malinga ndi momwe a Khan ankafotokozera, a Desai poyamba ankakayika ngati mphunzitsiyu angalembe mawu ogwira mtima anthu wamba. Atamva zomwe adalemba adakondwa kwambiri moti adawapatsa wailesi ya kanema ndi chibangili cha golide, ndi kukweza malipiro awo kufika pa ma rupee 121,000.

Nkhani imeneyi imakambidwa kawirikawiri ngati umboni wa luso la a Khan, ndipo ndi umbonidi. Koma ikuonetsanso momwe ntchitoyi inkayendera. Mtengo wa zolemba sudakhazikitsidwe ndi bungwe lililonse kapena pangano la makampani. Udatuluka m'chisangalalo cha bwana mmodzi tsiku limodzi. Mlembi wina waluso lomwelo, wokumana ndi bwana wouma dzanja, akadabwerera kunyumba ndi kachigawo kochepa ka ndalama zimenezo, ndipo sakadakhala ndi kokadandaula.

Ntchito ya mlembi wa zoyankhula

Pofuna kumvetsa kukula kwa ntchito ya a Khan, nkofunika kudziwa kuti mafilimu a Chihindi amagawa ulembi patatu. Pali yemwe amabwera ndi nkhani, pali yemwe amaisanja m'zigawo zoti zijambulidwe, ndipo pali yemwe amalemba mawu enieni otuluka pakamwa pa atengambali. Mayina a anthu atatuwa amalembedwa padera kumayambiriro kwa filimu, ndipo mphotho za Filmfare zimakhala ndi gawo lakelake la zoyankhula.

M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 gawo lachitatuli lidali lofunika kwambiri. Anthu ankabwerera ku nyumba zoonetsera mafilimu kangapo kuti akamvenso mawu omwe adawakhudza, ndipo zoyankhula za mafilimu otchuka zinkagulitsidwa pa mbale za galamafoni ndi makaseti monga nyimbo. Akatswiri ankajambula mafilimu angapo pa nthawi imodzi, choncho zigawo zambiri zinkalembedwa usiku kapena m'mawa wa tsiku lojambula. Mlembi wothamanga komanso wodalirika adali wosowa.

Mphamvu ya a Khan idali pa chiyankhulo. Alembi ambiri a m'mbuyomo adali alakatuli a Chiurdu chozama. A Khan ankachidziwa Chiurdu chimenecho kuchokera kwa bambo awo, koma adachisakaniza ndi Chihindi cha m'misewu ya Bombay, chomwe chimabwereka mawu ku Chimarathi ndi Chigujarati, chiyankhulo cha onyamula katundu, oyendetsa matakisi ndi anyamata a pa siteshoni ya sitima. Anthu omwe adadzaza mzindawu kuchokera kumidzi pofuna ntchito adadzimva okha akuyankhula pa kanema.

Yemwe adapindula kwambiri ndi luso limeneli ndi a Amitabh Bachchan. Pa nthawiyo kudali otsogolera mafilimu awiri opikisana kwambiri, a Manmohan Desai ndi a Prakash Mehra, ndipo ogwira ntchito ambiri ankayenera kusankha mbali imodzi. A Khan ankalembera onse awiri. Kwa a Desai adalemba zoyankhula za Amar Akbar Anthony ndi Parvarish mu 1977, Suhaag mu 1979, Naseeb mu 1981 ndi Coolie mu 1983. Kwa a Mehra adalemba za Muqaddar Ka Sikandar mu 1978, Laawaris mu 1981 ndi Sharaabi mu 1984. M'mafilimu onsewa mudali a Bachchan. Mu Muqaddar Ka Sikandar a Khan adaseweranso ngati mkulu wopemphapempha yemwe adapeza mnyamata wamasiye akulira kumanda ndi kumulimbitsa mtima, malo ofanana ndi omwe iwo eni adayambira kuphunzira kuyankhula pagulu.

Si a Khan okha omwe adakweza ulembi m'zaka zimenezo. A Salim Khan, omwe sadali pachibale ndi a Kader ndipo nawonso adayamba ngati mtengambali wa mbali zing'onozing'ono m'zaka za m'ma 1960, pamodzi ndi a Javed Akhtar adalemba Zanjeer, Deewaar ndi Sholay. Awiriwa ataona kuti mayina awo palibe pa zikwangwani zolengeza filimu ya Zanjeer mu 1973, adalemba ganyu munthu wa utoto kuti akawadinde pa zikwangwanizo mumzinda wonse usiku. Kuti alembi otchuka chotere adafika pochita zimenezi, chikuonetsa malo omwe mlembi ankapatsidwa.

Mtengambali wothandizira

Pa kanema a Khan adayamba kutchuka ngati munthu woipa, monga m'filimu ya Coolie momwe adasewera ngati mdani wamkulu wa a Bachchan. Pambuyo pake ankafotokoza kuti adaganiza zosiya mbali zoterezi ataona kuti ana awo akunyozedwa ndi anzawo kaamba ka zomwe bambo awo ankachita m'mafilimu.

Mpata wosinthira udadza ndi opanga mafilimu a kum'mwera kwa India, a ku Madras ndi Hyderabad, omwe adayamba kujambulanso m'Chihindi mafilimu omwe adachita bwino m'zinenero za kwawo monga Chitelugu. Iwowa ankafuna mlembi woti asandutse nkhani zawo kukhala zomveka kwa anthu a kumpoto, ndipo a Khan adakhala munthu wawo. Mu Himmatwala ya mu 1983, momwe mudali a Jeetendra ndi a Sridevi, a Khan adalemba zoyankhula ndi kudzilembera mbali ya kalaliki woseketsa. Filimuyi idapanga ndalama zambiri, ndipo kuyambira pamenepo anthu adawadziwa ngati wanthabwala, kawirikawiri ali limodzi ndi a Shakti Kapoor.

M'zaka za m'ma 1990 adagwira ntchito kwambiri ndi a Govinda komanso wotsogolera mafilimu a David Dhawan, m'mafilimu monga Aankhen ya mu 1993, Raja Babu ya mu 1994, Coolie No. 1 ya mu 1995 ndi Hero No. 1 ya mu 1997. M'mafilimu otere nthabwala zinkadalira kuponyerana mawu pakati pa mnyamata wochenjera ndi mkulu wodzimva, ndipo popanda mkuluyo mnyamatayo sakadakhala ndi womuseweretsa. Mutu umodzi susenza denga, ngakhale kuti pa chikwangwani pamakula nkhope imodzi.

Ntchito yawo idalandira mphotho za Filmfare zitatu: ya zoyankhula zabwino mu 1982 pa filimu ya Meri Awaaz Suno, ya wanthabwala wabwino mu 1991 pa filimu ya Baap Numbri Beta Dus Numbri, ndi ya zoyankhula kachiwiri mu 1993 pa filimu ya Angaar. Koma sikuti onse ankawayamikira. Ounika mafilimu ambiri ankadzudzula nthabwala za matanthauzo awiri zomwe zidadzaza mafilimu a m'zaka za m'ma 1980, ndipo dzina la a Khan linkatchulidwa pa mlandu wotsitsa ulemu wa chiyankhulo cha m'mafilimu. Kudzudzulaku kudali ndi maziko. Chofunika kuonanso nchakuti mlembi yemwe amalipidwa kamodzi pa filimu iliyonse alibe njira ina yosungira tsogolo lake koma kulemba mafilimu ambiri mwachangu, ndi kulemba zomwe wolipirayo akufuna.

Mtima wa bwana ukatembenuka

Chisomo cha akuluakulu chomwe chidakweza a Khan chidaonetsanso mbali yake ina. Mu Julayi 1982 a Bachchan adavulala modetsa nkhawa pojambula Coolie ku Bangalore, ndipo mu 1984 adalowa ndale ndi kupambana mpando wa ku nyumba ya malamulo wa ku Allahabad. Filimu ya Jaahil, yomwe a Khan ankafuna kutsogolera okha a Bachchan ali mwininkhani, sidajambulidwe. Ngakhale adalembanso zoyankhula za Agneepath mu 1990 ndi Hum mu 1991, ubale wa awiriwa udazilala.

A Khan ankanena poyera kuti chidawachotsetsa m'mafilimu ena ndi kukana kwawo kuitana a Bachchan ndi dzina laulemu lomwe anthu onse adayamba kugwiritsa ntchito, pomwe iwo adazolowera kuwaitana ngati mnzawo. Iyi ndi mbali ya a Khan ya nkhaniyi, ndipo a Bachchan adawayamikira poyera ngati mlembi wa mafilimu awo ambiri opambana pomwe adamwalira. Koma mfundo ikhalabe yakuti pa ntchito yopanda mapangano okhazikika, kusamvana pang'ono ndi katswiri wamkulu kunkatha kutsekera munthu khomo.

Pofika zaka za m'ma 2000 kakomedwe ka oonera kadasintha. Makampani adayamba kupanga mafilimu olunjika kwa anthu opeza bwino a m'mizinda ndi Amwenye okhala kunja, ndipo alembi achinyamata ambiri ankaganiza m'Chingerezi. A Khan adaonekabe m'mafilimu ena monga Mujhse Shaadi Karogi ya mu 2004, koma ntchito idachepa. Iwo adabwerera ku uphunzitsi, ulendo uno wa Chiarabu ndi maphunziro a Chisilamu.

Lamulo lomwe lidakondera mwini ndalama

Pomwe ntchito ya a Khan inkachepa, mafilimu awo akale ankapitiriza kupanga ndalama. Adagulitsidwa pa makaseti a vidiyo m'zaka za m'ma 1980, adadzaza nyumba zoulutsira kanema za pa setilaiti zomwe zidayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kenaka adafika pa intaneti, makamaka Netflix ndi Prime Video zitalowa m'dziko la India mu 2016. Mafilimu atatu omwe iwo adalemba zoyankhula zake adajambulidwanso mwatsopano: Agneepath mu 2012, Himmatwala mu 2013 ndi Coolie No. 1 mu 2020.

Funso la yemwe ayenera kudya phindu la ntchito yakale likagulitsidwanso lidayankhidwa kalekale mokomera eni makampani. Lamulo la umwini wa ntchito zaluso la dziko la India la m'chaka cha 1957 lidaika wopanga filimu, yemwe amaika ndalama, kukhala mwini wake. Mu 1977, chaka chomwe Amar Akbar Anthony idatuluka, bwalo lalikulu kwambiri la milandu la dzikolo lidagamula pa mlandu wa pakati pa bungwe la Indian Performing Right Society ndi eni makampani a mafilimu kuti wopeka nyimbo kapena mawu ake yemwe walembedwa ntchito ndi kulipidwa ndi wopanga filimu sakhalanso mwini wa ntchitoyo, pokhapokha pali pangano lonena mosiyana. Mmodzi mwa oweruza, a V. R. Krishna Iyer, adaonjezera ndemanga yakuti anthu aluso akuyenera kuganiziridwa ndipo kuti ntchito yokonza zimenezi ndi ya nyumba ya malamulo.

Aphungu adatenga zaka 35 kuti ayankhe. Mu Meyi 2012 nyumba zonse ziwiri za malamulo zidavomereza kusintha lamuloli, ndipo lidayamba kugwira ntchito mu Juni chaka chomwecho. Yemwe adatsogolera nkhondoyi adali a Javed Akhtar, omwe pa nthawiyo adali phungu wosankhidwa ndi mtsogoleri wa dziko ku nyumba ya Rajya Sabha. Lamulo latsopanoli lidati wolemba mawu kapena nyimbo zomwe zili m'filimu ali ndi ufulu wolandira gawo lofanana la ndalama ntchitoyo ikagwiritsidwa ntchito kwina kulikonse kupatula poonetsa filimuyo m'nyumba yoonetsera mafilimu. Lidatinso mlembi sangagulitse kapena kusiya ufulu umenewu, kupatula kuupereka kwa olowa m'malo mwake kapena ku bungwe lotolera ndalama, ndipo pangano lililonse lomulanda ufuluwu ndi lopanda mphamvu.

Mfundo yomalizayi ndiyo idali mtima wa lamuloli, popeza aphungu adazindikira kuti mlembi wofuna ntchito amasaina chilichonse chomwe wapatsidwa. Koma ufulu wa pa pepala sulowa m'thumba popanda woutolera. Mlembi mmodzi sangathe kulondola nyumba zonse zoulutsira mawu ndi kanema kuti awerenge kangati filimu yake yaonetsedwa. Oimba adapeza bungwe lawo lovomerezeka mu 2013, ndipo bungwe la opeka nyimbo lidalembetsedwanso mu 2017 a Akhtar ali wapampando. Olemba nkhani za m'mafilimu adadikira mpaka kumapeto kwa 2024. Pafupifupi ntchito yonse ya ulembi ya a Khan idachitika lamuloli lisanasinthe, ndipo iwo adamwalira bungwe la alembi anzawo lisanapatsidwe mphamvu.

Poyerekeza, ku America olemba mafilimu ndi atengambali adapeza ufulu wolandira ndalama mafilimu awo akaonetsedwa pa wailesi ya kanema atanyanyala ntchito mu 1960. Ngakhale kumeneko nkhaniyi sidathe. Mu 2023 alembi adanyanyala ntchito masiku 148 ndipo atengambali masiku 118, ndipo mwa zina ankadandaula kuti makampani oonetsa mafilimu pa intaneti amapereka ndalama zochepa zobwereza, zomwe atengambali othandizira amadalira pa nthawi yomwe alibe ntchito. Kusiyana kwake nkwakuti ku America kuli mabungwe amphamvu omwe amakambirana mapangano m'malo mwa onse, pomwe m'badwo wa a Khan aliyense ankadziyankhulira yekha pamaso pa bwana.

Ulemu wochedwa

M'zaka zawo zomaliza a Khan adadwala matenda a mu ubongo omwe amalepheretsa munthu kuyenda ndi kuyankhula bwino. Munthu yemwe adadya za pakamwa moyo wake wonse adafika povutika kutulutsa mawu. Adasamukira ku Canada komwe kudali ana awo, ndipo adamwalira m'chipatala cha m'dera la Toronto pa 31 Disembala 2018 ali ndi zaka 81. Adaikidwa m'manda a Meadowvale ku Brampton, kutali ndi Mumbai. Nduna yaikulu ya dziko la India, a Narendra Modi, idali m'gulu la omwe adapereka uthenga wa chipepeso.

Pasanathe mwezi, pa 25 Januwale 2019, boma la India lidalengeza kuti lapatsa malemuwa mendulo ya Padma Shri, yomwe ndi yachinayi pa mndandanda wa ulemu womwe dzikolo limapereka kwa anthu wamba. Mwana wawo Sarfaraz, yemwenso ndi mtengambali, adauza atolankhani kuti zikadakhala bwino bambo ake akadailandira ali moyo.

Zaka za mendulo zikuonetsa momwe boma limaonera anthu a m'mafilimu. A Bachchan adalandira Padma Shri mu 1984, Padma Bhushan mu 2001 ndi Padma Vibhushan mu 2015. Mlembi wa mawu ambiri omwe adawatchukitsa adalandira mendulo yotsika pa zitatuzi patatha zaka 35 kuchokera pomwe a Bachchan adalandira yawo yoyamba, ndipo adailandira ali m'manda. A Salim Khan adakana Padma Shri mu 2015 ponena kuti yabwera mochedwa ndipo sikufanana ndi ntchito yomwe adagwira. Palibe akutsutsa kuti a Bachchan adayenera ulemu wawo. Chomwe chikuoneka nchakuti makomiti osankha anthu olandira mendulo amaona msanga nkhope ya pa chikwangwani kusiyana ndi dzina lolembedwa m'zilembo zing'onozing'ono.

Zomwe zikukhudza dziko lino

Mafilimu a ku India akhala akuonetsedwa m'nyumba za vidiyo m'matauni ndi m'misika ya m'dziko muno kwa zaka zambiri, ndipo ena amamasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata omwe amaikamo mawu awo. Ambiri omwe adaseka ndi mkulu wonenepa wokangana ndi Govinda sadadziwe dzina lake, ngakhalenso kuti ndi yemwe ankalemba mawu a mafilimu ena omwe ankaonerawo.

Dziko la Malawi lili ndi bungwe la Copyright Society of Malawi, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1992, komanso lamulo latsopano la umwini wa ntchito zaluso la m'chaka cha 2016. Ntchito yopanga mafilimu ikukula, ndipo funso lomwe India idachedwa kuyankha lifikanso kuno: filimu ikagulitsidwa ku nyumba youlutsira kanema kapena ikaikidwa pa intaneti, kodi wolemba nkhani ndi atengambali othandizira ali ndi gawo lanji, ndipo lalembedwa pati?

Zomwe zidachitika ku India zikuonetsa kuti pali zinthu zitatu zosiyana zomwe boma limagwirapo, ndipo chilichonse chingathe kuchedwa pachokha. Choyamba ndi lamulo lonena kuti mlembi ali ndi gawo lomwe sangalandidwe, ndipo lidatenga zaka 35 chigamulo cha bwalo chitaperekedwa. Chachiwiri ndi chilolezo cha bungwe lotolera ndalamazo, chomwe chidakhala m'maofesi zaka zina 12. Chachitatu ndi ulemu wa dziko, womwe kwa a Khan udafika patatha masiku 25 atatsikira kulichete.

Bungwe la alembi a ku India tsopano lili ndi ntchito yokhazikitsa mitengo, kulembetsa mamembala ndi ntchito zawo, komanso kukambirana ndi nyumba zoulutsira kanema ndi makampani a pa intaneti, omwe ndi amphamvu pa chuma kuposa momwe a Desai ndi a Mehra adalili. Kupambana kwake kudzaoneka pomwe mlembi wosatchuka, yemwe sadasangalatsepo bwana aliyense mpaka kupatsidwa chibangili cha golide, adzayambe kulandira ndalama za filimu yomwe adalemba zaka zapitazo.